Diwali: chikondwerero cha nyali cha Ahindu, ndi mafunso a Msilamu wa m'minda ya tiyi

Mwezi wa Okotobala ukamapita kumapeto, ku Thyolo dzuwa limakhala litafika poswa mtengo. Tiyi amene anaduliridwa m'nyengo yozizira amakhala akuphukira mwaulesi, aganyu ambiri othyola sanaitanidwe, ndipo aliyense maso ali kumwamba kudikira chizimalupsa. Ndi m'masiku omwewa, kapena kumayambiriro kwa Novembala, pamene nyumba zina za akuluakulu a m'maesiteti ndi za eni masitolo ku Limbe zimapakidwa penti watsopano, pakhomo n'kujambulapo maluwa ndi ufa wamitundumitundu, usiku n'kundanditsa tinyali m'makonde ndi m'mawindo, makombola n'kumaphulika ngati kuti chaka chatha kale. Kukacha, wophika, mlonda, dalaivala kapena kalaliki amapatsidwa kabokosi ka maswiti, mwina ndi envulopu pamwamba. Ena mwa olandirawo ndi Asilamu anzathu, ndipo funso lawo limakhala lomwelo chaka ndi chaka: kodi tidye, tibweze, kapena titaye?

Lamulo la Shariya pa chinthu siliperekedwa munthu asanachimvetse chinthucho. Choncho tisanafike pa kabokosiko, tiyeni tichidziwe kaye chikondwerero chimene chakabweretsa.

Amwenye si onse Asilamu

Kuno kwathu aliyense wochokera ku India kapena ku Pakistan timangoti mwenye, ndipo poti amwenye ambiri a m'Malawi ndi Asilamu amene timaima nawo pa mzere umodzi mu mzikiti, anthu amayesa kuti onse ndi amodzi. Zoona zake n'zakuti pakati pawo pali Asilamu, Ahindu, Asikh, ngakhalenso Akhristu ochokera ku Goa. Diwali si Eid ya amwenye monga ena amanenera. Ndi chikondwerero cha Ahindu, chimene Asikh ndi Ajain nawo amachisunga pa zifukwa zawozawo.

Asikh anafika kuno ngati asilikali. M'chaka cha 1891 Harry Johnston anawaitanitsa kuchokera ku India, motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire, ndipo ndi iwo amene anamenyana ndi mafumu a Chiyao monga Makanjira. Amalonda, ambiri a iwo ochokera ku Gujarat, analowera njira ya ku Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire mpaka ku Chiromo. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, kudzera pa Luchenza, masitolo awo anafalikira m'misika ya m'mbali mwa njanji ndi ya pafupi ndi maesiteti, kumene antchito ankagulako nsalu, mchere, sopo ndi palafini akalandira malipiro. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Kamuzu Banda linawalamula kuti achoke kumidzi akachitire malonda m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu basi. Ichi n'chifukwa chake lero Mhindu wokhala ku Thyolo, akafuna kupemphera ndi anzake, amakwera galimoto kupita ku kachisi ku Blantyre.

Pali chinanso chimene chimasiyanitsa Thyolo ndi madera ena a tiyi. Ku Sri Lanka, Angerezi anakatenga Atamil ku South India kuti adzathyole tiyi, ndipo mpaka lero chikondwererochi ndi chachikulu m'makomboni a maesiteti a kumeneko. Ku Natal, amwenye anayamba kutsika pa doko la Durban mu 1860 kudzalima nzimbe. Kuno sizinatero. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje anathyoledwa ndi manja a Alhomwe ochokera ku Mozambique, Amang'anja ndi Ayao, ambiri pansi pa thangata. Ndiye Diwali ya kuno sinakhalepo ya m'makomboni. Ndi ya m'nyumba zowerengeka za amalonda, akalaliki, mainjiniya ndi mamanijala. Ubale wa maesiteti ndi dziko la India unakula mu 2012, pamene kampani ya Dhunseri ya ku Kolkata inagula esiteti ya Makandi ku Thyolo pamodzi ndi ya Kawalazi ku Nkhata Bay.

Dzina ndi nthawi yake

Dzina lenileni ndi Deepavali, mawu a chilankhulo chakale cha Sanskrit: dipa ndi nyali, avali ndi mzere. Mzere wa nyali. Nyali yake, yotchedwa diya, ndi kambale kadothi kokwana m'chikhatho, kothiramo mafuta ophikira kapena mafuta a mkaka wa ng'ombe, ndi kachingwe kathonje kopota ndi zala. Amene anakulira pa koloboyi sangadabwe nayo, kungoti iyi ilibe chitini ndipo sanunkha palafini.

Usiku waukulu wa chikondwererochi ndi usiku wa mdima weniweni, mwezi wakale utafa, watsopano usanaoneke. Izi zikutanthauza kuti Diwali nthawi zonse imagwa masiku ochepa chabe ife tisanaone mwezi woyambira mwezi wathu watsopano. Ahindu amawerengera miyezi yawo pa mwezi wa kumwamba monga momwe ife timachitira, koma amasiyana nafe pa chinthu chimodzi chachikulu. Miyezi 12 ya kumwamba imaperewera masiku pafupifupi 11 kuti ikwane chaka cha dzuwa. Iwo amakonza kuperewerako poonjezera mwezi wina wa 13 pakapita pafupifupi zaka zitatu zilizonse, kuti zikondwerero zisachoke pa nyengo yake. Ife sitionjezera, chifukwa Surah At-Taubah, ndime 36 ndi 37, inakhazikitsa chiwerengero cha miyezi n'kuletsa kuisuntha monga ankachitira Aarabu a nthawi ya umbuli. Ndiye Ramadhan imayendayenda, lero m'dzinja, zaka zikubwerazo m'chilimwe, pamene Diwali simachoka pakati pa Okotobala ndi Novembala: mu 2023 inali pa 12 Novembala, mu 2026 pa 8 Novembala. Akuluakulu angakumbukire kuti mu 2004, 2005 ndi 2006 makombola a Diwali anaphulika m'masiku omaliza a Ramadhan, Eid n'kubwera patangopita masiku awiri kapena atatu. Mwina apa ndi pamene ena anatsimikizira maganizo olakwika aja akuti zonsezi ndi chimodzi.

Ku India nyengo imeneyi mvula imakhala itatha, mpunga wacha, kunja kwayamba kuzizira, anthu ali ndi kangachepe m'thumba. Ndi chikondwerero cha pambuyo pa zokolola. Kuno chimafika mozondoka, nkhokwe zitayamba kupepuka, anthu akusakasaka ndalama ya feteleza.

Akumbukira chiyani?

Mukafunsa Ahindu atatu ochokera m'zigawo zitatu, mulandira mayankho atatu, ndipo palibe amene akunama. Chihindu chilibe buku limodzi kapena mtumiki mmodzi amene onse amabwererako. Kumpoto kwa India amakumbukira nkhani ya m'buku la Ramayana. Rama, mwana wa mfumu ya mzinda wa Ayodhya, anapirikitsidwira kunkhalango zaka 14 chifukwa cha chiwembu cha mkazi wina wa bambo ake amene ankafuna kuti ufumu upite kwa mwana wake. Ali kumeneko, Ravana mfumu ya ku Lanka anaba mkazi wake Sita. Rama anamenya nkhondo, napha Ravana, nabwerera kwawo ndi Sita ndi m'bale wake Lakshmana. Amati anthu a mu Ayodhya anayatsa nyali m'njira zonse kuti amulandire pa usiku wopanda mwezi. Kuphedwa kwa Ravana kuli ndi tsiku lakelake, Dussehra, limene limabwera masiku pafupifupi 20 Diwali isanafike, pambuyo pa mausiku asanu ndi anayi a Navaratri amene anthu a ku Gujarat amachezera gule wozungulira wotchedwa garba.

Kummwera amakumbukira Krishna kugonjetsa mfumu yankhanza Narakasura, ndipo amadzuka m'bandakucha kudzola mafuta ndi kusamba. Ku Bengal, kumene kuli Kolkata, usiku womwewo amalambira Kali. Ajain amati ndi usiku umene mphunzitsi wawo Mahavira anamwalira n'kumasuka ku kubadwanso. Asikh amautcha Bandi Chhor Divas, pokumbukira kutulutsidwa kwa Guru Hargobind m'ndende ya ku Gwalior mu ulamuliro wa mfumu Jahangir, ndipo mbiri yawo imati anakana kutuluka yekha mpaka akalonga 52 amene anamangidwa naye atamasulidwanso.

Koma m'nyumba ya wamalonda wa Chigujarati, amene ndiye timakumana naye kwambiri kuno, mwini usikuwu ndi Lakshmi, amene Ahindu amamutenga ngati mulungu wamkazi wa chuma ndi mwayi. Chikhulupiriro chawo n'chakuti usiku umenewu amayendera nyumba za anthu, ndipo amalowa m'nyumba yosesedwa bwino ndi yowala, yauve ndi yamdima n'kuilambalala. Apa ndi pamene pagona tanthauzo la penti uja, la kukolopa kwa sabata yathunthu kumene antchito a m'nyumba amakudziwa bwino, la zitseko zosiyidwa zotsegula, ndi la maluwa a pakhomo aja otchedwa rangoli. Ophunzira a Chihindu amapita patsogolo n'kunena kuti nyaliyo ndi chizindikiro cha kuzindikira kumene kumachotsa umbuli mumtima, ndipo pali Ahindu ambiri lero amene amayatsa nyali ngati mwambo wa makolo chabe. Komabe tisabise: pakatikati pa usikuwu pali mapemphero operekedwa kwa Lakshmi ndi Ganesha, patsogolo pa mafano kapena zithunzi zawo, ndi maluwa, lubani, ndalama zachitsulo ndi zakudya.

Masiku asanu, ndi mabuku a m'sitolo

Chikondwererochi chimatenga masiku asanu. Loyamba, Dhanteras, ndi logula chinthu chachitsulo, golide kwa amene ali nazo, poto kapena supuni kwa amene alibe. Lachiwiri ndi lija la Narakasura, limene Agujarati amalitcha Kali Chaudas. Lachitatu ndiye Diwali yeniyeni.

Madzulo a tsiku limeneli amalonda a Chigujarati amachita mwambo wotchedwa Chopda Pujan. Chopda ndi buku lolembamo za malonda, lija lachikuto chofiira limene kale linkakhala pansi pa kauntala, lolembedwamo katundu wolowa, wotuluka ndi mayina a angongole. Buku lakale limatsekedwa, latsopano limaikidwa patsogolo pa Lakshmi, n'kulembedwa zizindikiro za mwayi pa tsamba loyamba. Masiku ano ena amaikapo ndi kompyuta yomwe. Tsikuli lisanafike, wamalonda amayesetsa kubweza ngongole zake ndi kutolera zimene ena ali nazo kwa iye, kuti chaka chatsopano chisamupeze ndi zotsalira. Ngati munadabwapo kuti n'chifukwa chiyani mwini sitolo amene amakupatsani katundu pa ngongole chaka chonse amalimbikira kukukumbutsani mu Okotobala, chifukwa chake mwina n'chimenechi. Kulambira buku sitingagwirizane nako, koma khalidwe lokhala ndi tsiku loikika lowerengera chuma ndi kumasula ngongole si lachilendo kwa ife. Ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole, ndipo Zakaat simatheka popanda kuwerengetsa chuma pakatha chaka. Ndi angati mwa amalonda athu a pa Bvumbwe kapena pa Luchenza amene angakuuzeni tsiku limene chaka cha Zakaat yawo chimakwanira?

Tsiku lachinayi kwa Agujarati ndi chaka chatsopano, Bestu Varas, pa kalendala ya Vikram Samvat imene ili patsogolo ndi zaka 56 kapena 57: chaka chimene chinayamba mu Okotobala 2025 kwa iwo ndi 2082. Ku kachisi amaunjika zakudya zamitundu yambirimbiri ngati phiri, mwambo wotchedwa Annakut. Moni wa tsikuli ndi wochititsa chidwi: amati Sal Mubarak. Sal ndi liwu la Chiperezi lotanthauza chaka, mubarak ndi liwu la Chiarabu lomwe lija timanena pa Eid. Zaka mazanamazana za kukhalira limodzi ku Gujarat zinasiya liwu lathu pakamwa pawo. Lachisanu, Bhai Bij, mlongo amaitana mchimwene wake kudzadya kunyumba kwake, iye n'kubwera ndi mphatso.

Palinso chizolowezi cha njuga. M'mabanja ena amachezera makadi a ndalama poti usikuwo ndi wa mwayi. Ahindu ena amene amadana nacho. Kwa Msilamu nkhaniyi ilibe mkangano: njuga ndi haraam pa Diwali monga ilili pa tsiku lina lililonse.

Zimene akale athu analemba

Si ife oyamba kufotokozera Asilamu za Diwali. Abu Rayhan al-Biruni, wobadwa mu 973 ku Khwarazm, anaphunzira Sanskrit, nakhala pansi ndi ophunzira a Chihindu, ndipo cha m'ma 1030 anamaliza buku lake la Chiarabu lonena za India, Tahqiq ma lil-Hind. M'mutu wa zikondwerero anatchulamo tsikuli ndi dzina lakuti Dibali. Anafotokoza kuti anthu ankasamba, kuvala zokongola, kupatsana masamba otafuna aja amati paan, kupita ku akachisi kukapereka zachifundo, ndipo usiku ankayatsa nyali zochuluka paliponse. Chifukwa chimene iye anauzidwa chinali china: kuti Lakshmi amamasula mfumu Bali, yotsekeredwa pansi pa dziko, kamodzi pa chaka. Patha zaka pafupifupi chikwi, koma zambiri mwa zimene anaona zikuchitikabe. Chimene timamulemekezera kwambiri al-Biruni ndi njira yake. Iye ananeneratu kuti cholinga chake ndi kufotokoza zikhulupiriro za Ahindu monga momwe eni ake amazinenera, osati kutsutsana nawo. Anali Msilamu wokhazikika pa Tauhid, ndipo sanaone kuti kunena zoona za anthu ena kungamuchepetsere Imaan.

Mbiri ina imene ikutithandiza pa malamulo ndi ya Muhammad bin Qasim, amene analowa mu Sindh cha m'ma 712. Al-Baladhuri m'buku la Futuh al-Buldan akusimba kuti iye anaika akachisi a kumeneko m'gulu limodzi ndi matchalitchi a Akhristu, masunagoge a Ayuda ndi nyumba za moto za Amajusi. Kuyambira pamenepo ma Ulama ambiri, makamaka a madh-hab a Hanafi amene anafala ku India, anawatenga Ahindu monga momwe Maswahaba anawatengera Amajusi a ku Persia: magazi awo, chuma chawo ndi malo awo opembedzera n'zotetezedwa, koma nyama imene azinga sidyedwa ndipo akazi awo sakwatiridwa.

Tsono kabokosi kaja

Kufanana ndi Amajusi kumeneku ndiko kukutsegula yankho. Ibn Abi Shaybah m'buku la Al-Musannaf anasunga nkhani ya mayi wina amene anafunsa Mayi Aisha, Allah asangalale nawo, za mphatso zimene Amajusi ankawapatsa pa zikondwerero zawo. Yankho linali lakuti asadye nyama yozingidwa chifukwa cha tsikulo, koma zipatso adye. Zikusimbidwanso kuti Ali bin Abi Talib, Allah asangalale naye, analandira mphatso ya pa tsiku la Nairuz. Ibn Taymiyyah, amene anamwalira mu 1328, ndi mmodzi mwa ma Ulama amene analetsa mwamphamvu kwambiri kutenga nawo mbali pa zikondwerero za zipembedzo zina, m'buku lake Iqtida as-Sirat al-Mustaqim. Koma m'buku lomwelo anabweretsa nkhani ziwirizi, nanena kuti kulandira mphatso pa tsiku la chikondwerero chawo n'kololedwa monga pa masiku ena.

Choncho maswiti monga laddu, barfi ndi jalebi, kapena chevda, zopangidwa ndi mkaka, shuga, ufa wa tchana, mtedza ndi mafuta, ndi halaal kuzilandira ndi kuzidya, bola musakhale mowa. Ahindu ambiri a Chigujarati sadya nyama n'komwe, ndiye nkhani ya kuzinga sivuta kawirikawiri. Pofunika kusamala ndi pa chakudya chotchedwa prasad, chimene chinayamba chaikidwa patsogolo pa fano ngati nsembe kenako n'kugawidwa kwa anthu kuti alandire madalitso ake. Ndime zoletsa choperekedwa kwa wina wosakhala Allah, mu Surah Al-Baqarah 173 ndi Al-Maidah 3, zikukamba kwenikweni za nyama, koma ma Mufti ambiri a ku India, amene amakumana ndi funsoli chaka chilichonse, amalangiza kuti prasad apewedwe, ndipo ife tikuona kuti imeneyi ndiyo njira yotetezeka. Kusiyanitsa kwake sikovuta. Bokosi lomata lochokera kusitolo si prasad. Ngati mukukayika, funsani mwaulemu. Mhindu wodziwa chipembedzo chake sakhumudwa ndi funso lotere, poti nayenso ali ndi zimene sadya. Chimene sitikuchiona kuti n'choyenera ndi kulandira ndi manja awiri kenako n'kukataya kudzala mwini wake akuona. Surah Al-Mumtahanah, ndime 8, ikuloleza kuchitira zabwino ndi chilungamo anthu amene sakulimbana nafe pa chipembedzo, ndipo ufulu wa mnansi mu Chisilamu sunaikiridwe malire akuti akhale Msilamu.

Envulopu ija ilibe vuto. M'minda ya tiyi ya ku Assam ndi Darjeeling, bonasi ya nyengo ya zikondwererozi ndi nkhani ya malamulo a ntchito, imene mabungwe a antchito amakambirana ndi eni minda chaka ndi chaka, ndipo bwana wochokera kumeneko amabwera ndi chizolowezi chimenechi. Ndi mphatso kapena gawo la malipiro, ndipo zonse ziwiri n'zololedwa.

Ntchito nayo igawidwe pawiri. Kusesa, kupaka penti, kuphika, kuyendetsa galimoto kupita ku Blantyre, zonsezi ndi ntchito wamba imene munthu analembedwera. Kuyatsa nyali patsogolo pa fano, kuzungulitsa mbale ya moto pa mapemphero, kuwerama, kapena kulola kupakidwa kadontho kofiira pamphumi pa mwambowo, zimenezi ndi mapemphero, ndipo Msilamu sachita mapemphero kwa wina aliyense koma Allah yekha. Apepese modekha, anene chifukwa chake. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa chipembedzo wa wantchito chimodzimodzi ndi wa bwana wake.

Pa za moni ma Ulama anasiyana. Ibn al-Qayyim m'buku la Ahkam Ahl adh-Dhimmah analetsa kuyamikira anthu pa miyambo ya chipembedzo chawo, poopa kuti kutero kuli ngati kuvomereza zimene akulambira. Ena a m'nthawi yathu, monga Sheikh Yusuf al-Qaradawi, analoleza moni wa ulemu kwa anansi ndi anzathu a kuntchito amene timakhala nawo mwamtendere, bola mawuwo asakhale ovomereza chikhulupiriro chawo. Allah ndiye Wodziwa kwambiri. Mwamwayi, Chichewa chathu chili ndi njira zambiri zolemekezera munthu popanda kulowa m'mkanganowu. "Zikomo kwambiri, mwatikumbukira." "Musangalale bwino ndi banja lonse." Ndipo Eid ikafika, mbale ya mpunga, yopanda nyama ngati mnansiyo sadya nyama, iwoloke mpanda kupita mbali inayo.